Ufa wa pa Bwalo la Mpira

Mwana wanga wabwera lero mapazi ali mbuu ndi laimu wa ku bwalo la mpira. Ndangomuyang'ana.

Ndili mwana, chaka chimene bambo anga anakwera sitima kupita ku Joni, chinangwa chathu chinaola m'munda. Tsiku lina ndinaona amuna akuthira zoyera pansi, kulemba mizere ya bwalo lomwelo. Ndinkayesa ndi ufa wa kondowole. Atachoka, ndinakokola mzere wonse wa pagolo, n'kumanga pansalu yanga.

"Amama, ndapeza ufa. Anthu akungotaya."

Amama anatsinako pang'ono, n'kununkhiza.

"Kasambe m'manja, mwanawe."

Sanandikalipire. Anatereka madzi pamoto, tinakhala pansi kuwayang'ana mpaka anaphwa.

Lero ndikudziwa kuti analibe china choti andipatse, koma kudikirako.