Aneba Anga ndi Msika wa Osewera

Aneba anga kuno ku Cleveland amakhala pakhonde, wailesi ili pamwendo, ndipo Julaye akamatha mutu wawo sugwira. Ndiyo nthawi imene msika wogula ndi kugulitsa osewera mpira wa besibo umatsekedwa. Timu ikamachita bwino imagula akatswiri kuti itenge chikho chaka chomwecho. Ikamalephera imagulitsa akatswiri ake, n'kutenga tianyamata todzakhwima m'tsogolo. Tsono yathuyi imapambana lero, mawa n'kugonja. M'mawa mdalayu amakuwa kuti "Gulitsani onse!" Madzulo akuti "Gulani!"

Tsiku lotseka msika anaimba foni ku wailesi, ine ndili pambali.

"Tigule kapena tigulitse, agogo?" anafunsa muulutsi.

"Gulitsani... Ayi, dikira kaye, mwanawe. Tianyamatato tidzakhwima liti?"

"Mwina pakatha zaka zisanu."

Anayang'ana ndodo yawo yoyendera, n'kukhosomola. "Basi gulani. Adokotala sanandilonjeze zaka zimenezo."

Mawa lake ndinawapeza akubzala kamtengo ka maapozi kosafika n'komwe m'bondo.

"Aneba, zipatso zake mudzadyera kumanda?"

Anandiwaza madzi othirira. "Choka apa, Wendell! Dzulo ndinali wokalamba. Lero sindikudziwa."