Abiti Uladi ndi Lole ya Mchenga

Sakina Uladi, amene anthu a kwawo amangomutchula kuti Abiti Uladi monga amachitira Ayao, si mayi wolongolola, ndipo ambiri anapusa naye pa chifukwa chomwecho. Ankayesa kuti munthu wosayankha ndiye kuti sanamve, kapena wamva n'kuiwala. Abiti Uladi saiwala. Mukamuponda chala lero, mawa akupatsani moni mwaulemu wake wonse, mkuja chimodzimodzi, koma chalacho wachisunga.

Anabadwira m'mbali mwa Lumbwira, mtsinje wotsika kuchokera kumapiri a ku Namwera n'kukathira m'nyanja chakum'mawa kwa Mangochi. Chuma chimene mayi ake anamusiyira chinali dimba, kachigawo ka nthaka yakuda kofika mpaka m'madzi, moyang'anizana ndi manda a mudzi amene ali kutsidya. Anakwatiwa ali wamng'ono ndi Sumani, ndipo Sumaniyo anapita ku Joni monga anzake ambiri a dera limenelo. Chaka choyamba anatumiza bulangete ndi foni. Chaka chachiwiri foniyo inasiya kulira. Anamusiyira mwana mmodzi, Yasmin, ndi mlamu, Swadick, mng'ono wake wa Sumani, amene analonjeza kuti aziyang'anira pakhomo.

Yasmin anamwalira ndi malungo chaka chimene anayamba sukulu. Mwambo wa Chisilamu kumeneko ndi wodziwika: amayi amasambitsa mwana wamkazi, amamukulunga mu sanda yoyera, amalira pakhomo, koma kumanda sapita. Jeneza, chithatha cha maliro, imanyamulidwa ndi amuna okhaokha. Choncho Abiti Uladi sanaone pamene mwana wake anagonekedwa. Amene analowa m'dzenje m'malo mwa bambo, n'kumulandira mwanayo ndi manja ake, anali Swadick. Mlongo wake wa Abiti Uladi, Atumani, ndiye anamuuza pambuyo pake kuti mwanayo wagona pansi pa mthethe wopendekera, kumapeto kwa manda, mbali ya kumtsinje. Mtengowo unkaoneka bwino kuchokera kudimba. Kuyambira pamenepo mayiyu ankalima, kupalira ndi kuthirira atayang'ana kutsidya, ndipo mizere yake inayamba kukhota chifukwa maso sanali pa khasu.

Ndiye Swadick anagula lole. Inali nthawi imene aliyense wobwera ku Joni ankafuna nyumba ya njerwa ndi mpanda wake, ndipo m'mbali mwa nyanja malo ogona alendo ankamera ngati bowa. Onsewo ankafuna mchenga. Mchenga wabwino wa Lumbwira, woyera, wopanda dothi, unali pokhotera mtsinje, pansi penipeni pa manda. Anthu a Swadick anayamba ndi pakati pa mtsinje, kenako mafosholo anayamba kulowa m'gombe. Munthu woima kumanda sakanaona kanthu, poti pamwamba udzu unali wobiriwira ndipo mitengo inali chilili. Koma woima kudimba ankaona mphako ikukula pansi pa gombelo, mizu ya mthethe ikulendewera pamwamba pa madzi. Ndipo woima kudimba tsiku ndi tsiku anali munthu mmodzi yekha, wamkazi.

Anapita kwa Swadick, nagwada pakhonde.

"Alamu, anthu anu akukumba pansi pa mwana."

Swadick anaseka, kuseka kwa munthu amene mimba yayamba kumutsogolera. "Alamu, inu kumanda munafikako liti? Za kumanda tisiyireni amunafe. Mwana uja ndinamugoneka ndine, malo ake ndikuwadziwa. Pali kutali ndithu."

Anatuma Atumani kwa akuluakulu a mzikiti. Akuluakuluwo anapitadi, anayenda pamwamba pa gombe, wina anapondaponda ndi nsapato yake, nabwerako n'kunena kuti nthaka ndi yolimba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zopinda mkanjo wake, kuwoloka, n'kukaona kuchokera pamene mayiyo ankaonera. Nzeru zimenezo zinali zotsika kwambiri kwa anthu a ndevu.

Mvula ya mu Febuluwale inagwa kumapiri masiku otsatizana, Lumbwira nadzaza. M'mawa wina Abiti Uladi anaima chakumtunda kwa dimba lake lomira, akuyang'ana kutsidya. Anaona mthethe uja ukuwerama pang'onopang'ono, kenako gombe lonse linang'ambika n'kukhala pansi m'madzi ofiira, mtengo ndi zonse zimene zinali pansi pake. Sipanamveke phokoso lalikulu. Amuna anatsata mtsinje mpaka kunyanja, anafufuza m'mabango, sanapeze kanthu.

Swadick anabwera kudzapepesa atanyamula paketi ya shuga. Anati zonse ndi chifuniro cha Allah. Abiti Uladi analandira shugayo ndi manja awiri, nathokoza. Koma mumtima mwake munalowa chinthu chozizira chimene sichinatulukemo mpaka lero. Sankafuna chipepeso, sankafuna shuga, sankafuna kuti wina amuuze za kupirira. Ankafuna Swadick achotsedwe mumtsinje umenewo anthu akuona, achite manyazi, lole yake iume dzimbiri. Anamuda mlamu wakeyo ndi mtima wake wonse, ndipo sanapemphe Mulungu kuti amuchotsere chidanicho.

Akuluakulu a mzikiti, manyazi atawagwira, analetsa kukumba pafupi ndi manda. Swadick anavomera dzanja lili pachifuwa. Ndipo kunena zoona, sabata yonse pokhota paja pankakhala zii. Koma chilimwe chitafika, madzi ataphwa, Abiti Uladi atabzala chimanga cha kudimba, anaona chinthu. Lachisanu lililonse masana, azana yoitanira anthu ku mapemphero ikangomveka, amuna onse a m'mudzi atalowa mumzikiti, lole inkatsikira kumtsinje chobwerera m'mbuyo ndi aganyu ochokera kutali, osaswali. Ankapakira mwachangu n'kuchoka mapemphero a swala asanathe. Mwini lole nthawi imeneyo amakhala ali pamzere woyamba, mkanjo woyera mbee, akunena ameni mokweza kuposa wina aliyense.

Sanauze Atumani. Sanauze mayi mnzake aliyense, poti nkhani ya m'mudzi imafika kwa mwini wake isanazizire. Anapitiriza kupereka moni kwa Swadick, napitiriza kuthirira chimanga chake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za ofesi ya boma yoona zachilengedwe anazimva pa wailesi: kuti mitsinje ili ndi malamulo ake, kuti kukumba mchenga kumafuna chilolezo ndi malo oyenera, kuti gombe la mtsinje si la munthu mmodzi. Tsiku lina anavala chitenje chake chabwino, anauza anansi kuti akupita kuchipatala, nakwera minibasi mpaka kuwoloka mlatho wa pa boma. Mu ofesimo anapeza mayi wamfupi, wovala jombo zafumbi, dzina lake Celestina, amene ntchito yake inali kuyendera mitsinje, nkhalango ndi magombe a boma lonse la Mangochi ndi galimoto imodzi yobwerekana. Anali munthu wotopa, koma womvetsera. Abiti Uladi anafotokoza zonse osagwetsa msozi.

"Tibwera sabata yamawa, mayi," anatero Celestina.

"Mukabwera ndi galimoto yanu ya boma mpaka kumtsinje, mafoni afika inu musanafike, mupeza mchenga wokha ukukuyang'anani. Mubwere Lachisanu. Galimoto musiye kutali. Mudzere m'chimanga changa, ndi chachitali, chikubisani."

Celestina anamuyang'anitsitsa, nafunsa kuti chimangacho chili pati kwenikweni. Atamva, anakhala ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti, "Chabwino. Tiyambe ndi lole."

Lachisanu limenelo dzuwa linali loswa mtengo. Celestina, mnzake wa ku ofesi ndi apolisi awiri ananjuta pakati pa chimanga, thukuta likuyenderera. Abiti Uladi ankathirira tomato wake ngati masiku onse. Azana inamveka. Posakhalitsa lole ija inatsika, mafosholo nayamba kulira pansi pa chigawo cha manda chimene chinatsala. Celestina anajambula zithunzi mosafulumira, kenako onse anayi anawoloka madzi a m'maondo. Aganyu anamwazika kulowa m'bango, dalaivala anapezeka makiyi ali m'manja mwa wapolisi.

Uthenga unakafika kumzikiti swala ikutha kumene. Swadick anabwera akuthamanga, mkanjo ataukweza mpaka m'ntchafu, kofia ili m'manja, ndipo mzikiti wonse unamutsatira. Akuluakulu aja, amene Swadick anawalonjeza dzanja lili pachifuwa, anaima m'mphepete mwa madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona mphako ija ndi maso awo, mizu ikulendewera, mchenga wa pansi pa makolo awo uli theka m'lole. Shehe anangotembenuka n'kumuyang'ana Swadick kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Abiti Uladi anatula ndowa yake pansi kuti aone bwino. Zinamukomera. Tisabise, zinamukomera kwambiri, kuposa chakudya chilichonse chimene anadyapo.

Swadick anayesa za chilolezo chimene anaiwala kunyumba, anayesa zoti dalaivala anapita yekha osamutuma. Kenako maso ake anagwa pa mapazi a apolisi, dothi lakuda la kudimba, ndipo anazindikira. Analoza chala Abiti Uladi kutsidya.

"Ndi mfiti iyi! Chabwino, inu a boma, lamulo lanulo ndi la ine ndekha? Nanga chimanga chakecho sichikumwa mumtsinje? Si inu mumanena pa wailesi kuti m'gombe musalimemo? Kapena lamulo limaona nkhope?"

Anthu anatembenukira kwa Celestina. Mayiyo anapukuta thukuta, nayankha mosakweza mawu. "Akunena zoona. Khasu nalonso limagumula gombe, pang'onopang'ono. Mbali ya dimba yoyandikira madzi iyenera kubwerera kwa mtsinje, tibzalemo udzu ndi mitengo. Mayi, ndimafuna tikambirane zimenezi mukakolola."

Mbali yoyandikira madziyo ndiye inali dimba lonse, kupatula kamzere ka kumtunda kopanda chinyezi. Linali dimba la mayi ake, chakudya chake cha chaka, ndipo chimangacho chinali chitangomasula ngayaye. Swadick anayamba kumwetulira, poganiza kuti mayiyu agwada tsopano, apempha kuti nkhani ithere pachibale.

Abiti Uladi anamanga chitenje chake molimba. Anagwira phesi loyamba, nalizula ndi mizu yake, naliponya pansi. Anazula lachiwiri. Atumani anawoloka mothamanga kudzamugwira dzanja, akuti, "Achemwali, dikirani chikhwime, a boma sanakukakamizeni lero!" Anamukankha. Anazula mzere wonse, nayamba wina, manja akuchekeka ndi masamba, anthu akuonerera kutsidya. Atafika kumapeto anaweramuka, nayang'ana Celestina.

"Langa ndamaliza. Tsopano tengani lole."

Khoti linagamula kuti loleyo ikhale m'manja mwa boma mpaka mwini wake atakonza gombe limene anawononga: kukwirira mphako, kubzala udzu wa vetiva ndi nsungwi kuyambira pokhota mpaka kumapeto kwa manda, ndi kuzisamala mpaka zitagwira. Ofesi ya Celestina inabweretsa mbande, inakhazikitsanso komiti ya mudzi yoyang'anira mtsinje. Amuna atayamba kukankhizana za amene alowemo, Abiti Uladi anaimika dzanja yekha.

Chaka chimenecho anavutika. Anayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu, ndipo masiku ena ankagona ndi phala lokha. Sanadandaule kwa munthu. M'mawa uliwonse, asanayatse moto, ankayenda gombe lonse kuyang'ana nsungwi za Swadick imodzi imodzi. Ikauma, ankaimbira foni Celestina tsiku lomwelo. Mbuzi ikadya vetiva, ankaimba. Aganyu anamuthawa Swadick poti analibenso chowalipira, ndiye ankatunga yekha madzi ndi zigubu, munthu wamkulu, mimba ija ikuphwa. Loleyo inali kupolisi, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Anthu ena anayamba kunena kuti mayiyu wanyanya, mlandu unatha kale. Iye ankangoyankha kuti mlandu suola.

Mwezi wa Ramadani utayandikira, nthawi imene anthu amakhululukirana, Swadick anabwera pakhomo pake ndi Atumani ngati mkhalapakati. Ulendo uno anakhala pansi, osati pampando. Anali atakalamba.

"Alamu, ndinalakwa. Nsungwi zambiri zagwira. A Celestina akuti akadzabwera adzafunsa komiti, ndipo komiti ndi inu. Ana anga akuvutika. Nenani mawu amodzi okha kuti ntchito yatha, ndipo mundikhululukire tisanayambe kusala."

Abiti Uladi anapitiriza kusenda nthochi za zitumbuwa kwa kanthawi.

"Ndikhululuka, alamu. Koma mundithandize kanthu kamodzi. Madzi aja ataphwa, munabwereranso pomwe paja n'kupakira. Ndinkakuonani. Mchenga umenewo munakatula kwa yani?"

"Aa, alamu, anali makasitomala ambiri. Ena ku boma, ena ku Monkey Bay, ena..."

"Kumbukirani bwino. Amayi ena akafuna kupempherera ana awo amadziwa koyang'ana. Wanga munamupakira ndi fosholo, ali m'khoma la munthu. Munditengere ku nyumba imeneyo ndikagwire khomalo, ndikachite duwa yomupempherera. Tikachoka kumeneko, ndiwaimbira foni a Celestina."

Atumani anayang'ana pansi, misozi ikugwera pa mkanjo.

"Simukudziwa?" mayiyo anafunsa Swadick. Anatenga nthochi ina n'kuyamba kuisenda. "Ndiye pitani mukathirire. Nsungwi zitatu za kumapeto zayamba kufota."