Moni Wautali wa Mayi wa ku Chikweo

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga amene tapirira naye njala ziwiri m'nyumba imodzi.

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha kuno kwa Kalembo komwe ndili pa chikamwini. Foni ndinaigwira mochedwa kuposa apo. Koma chaka chimene chimanga chinapserera chisanamasule, alangizi a zaulimi, mayi ochokera ku Balaka, anatsegula gulu la pa foni loti tizidziwitsana komwe kwapezeka ganyu, komwe madeya atsika mtengo, ndi tsiku lobwera thandizo. Anasankha ine kukhala adimini, woyang'anira gululo.

"Achinyamata sachedwa kukangana, abambo. Inu azikumverani."

Ntchitoyo sindinkaidziwa. Anandisonyeza makanema a pa intaneti ophunzitsa zimenezi, ena a m'Chichewa. Netiweki kuno imagwira pa chulu china kuseri kwa mzikiti, ndiye ndinkakwera pamenepo ndi magalasi anga, kanema mmodzi kumubwereza kanayi. Ndinaphunzira kulowetsa munthu, kulemba malamulo, kukhomera uthenga pamwamba kuti usakwiririke. Mphunzitsi wa mu kanemayo ankati adimini wabwino amachenjeza kawiri, kachitatu amachotsa. Ndinalemba mu kope.

Mvula itagwa, njala inafika pachimake. M'gulumo munali mayi wina wamasiye wa ku Chikweo amene sankadziwa kulemba, ankatumiza mawu. Uthenga uliwonse unkayamba ndi "Ajimwiche uli," kenako n'kulonjera alangizi, ine, mkazi wanga, ana, odwala, Chiyao ndi Chichewa kusakaniza, mphindi zinayi kapena zisanu. Palibe ankamvera mpaka kumapeto.

"Adimini, mayi awa atithera bandulo," analemba wina wogulitsa matemba.

"Dzulo alonjera mpaka mbuzi zanga," anayankha mnzake. "Mbuzi zoti ndinagulitsa kale."

"Achimwene, mbuzi munakhala nazo liti inu?" anafunsa wina.

Ndinaseka nawo. Ndinawachenjeza mayiwo kawiri, molemba. Sindinaganizire kuti munthu wosalemba sawerenganso, ine amene ndasainira ndi chala zaka makumi asanu. Kachitatu ndinawachotsa.

Masana a tsiku lomwelo ndinatsegula uthenga wawo womaliza, mwina kuti ndidzitsimikizire kuti sindinalakwe. Ndinamvera moni wonse mpaka unatha. Kenako, mawu atatsika, anati ngati kwina kuli ganyu wopalira, khasu ali nalo, ana adya mango owiritsa masiku anayi. Ndinabwerera ku mauthenga awo ena asanu. Onse ankathera pomwepo.

Ngati pali munthu amene sanayenere kulakwitsa zimenezi, ndi ine. Pa njala ina ija, zaka zambiri m'mbuyomo, chemwali wanga wamng'ono anabwera wapansi kuchokera kwathu ku Machinga, mwana kumsana. Anakhala pa mphasa n'kuyamba moni. Ndinkadziwa chomwe wabwerera, ndipo pansi pa bedi ndinali nditabisa chimanga thumba ndi theka. Kwathu munthu sayamba ndi pempho. Amalonjera kaye mpaka mwini nyumba afunse yekha kuti kwagwanji. Ine sindinafunse. Moni uli mkati ndinanyamuka, ndinati ndikuthamangira ganyu, ndikupeza. Ndinakakhala kudambo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pobwera ndinapeza mphasa itapindidwa, itatsamiritsidwa kukhoma. Mwana uja sanafike pa zokolola. Pa maliro ndinalankhula ndine, monga mwinimbumba. Chemwali wanga sanandinenepo kwa aliyense mpaka imfa yake.

Ndikadali pa chulu ndi maganizo amenewa, uthenga wina unalowa m'gulu. Mlimi wa thonje wa cha ku Chikweo komweko ankafuna anthu khumi opalira, malipiro ndi chimanga, mayina amufike mawa dzuwa lisanafike pamutu. Anthu anayamba kulemba mayina awo. Mayi aja anali kunja kwa gulu, ndipo ngakhale akanakhalamo sakanawerenga. Kubwezeretsa munthu wochotsedwa m'gulu sindinkadziwa, phunziro limenelo ndinali ndisanafikepo. Ndikufufuza kanema wake foni inazima, ndipo wotchajitsa anali atatseka kale kupita kumunda.

Mamawa ndinakamugogodera akusukusula. Anandiyang'ana n'kuti, "Madala, foni yamwalira kapena munthu?" Ndinati tchajani kaye. Itangodzuka ndinakwera pa chulu, ndinapeza kanemayo, ndinamuonera kawiri, ndipo dzina la mayi aja linabwereranso m'gulu. Kenako ndinadina ka maikolofoni, koyamba chigwirireni foni. Ndinawalonjera m'Chiyao changa cha paubwana, iwo ndi ana awo, osafulumira. Ndinati wolakwa ndine. Ndinawawerengera mokweza uthenga wa ganyu uja, ndipo ndinauza gulu lonse kuti kuyambira lero uthenga wa mawu ndiziumvera ine mpaka kumapeto n'kulemba mwachidule chimene munthu akufuna, wolembedwa ndiziuwerenga kuti osawerenga amve.

Mayina anali atafika asanu ndi atatu. Ndinalemba la mayi aja pa nambala naini, chilembo chimodzi chimodzi, n'kutumiza kwa mlimi wa thonje.