Mizere imene amalume analemba ndi manja

Shopu ya amalume inali mu kontena ku Matero, pakati pa wogulitsa makala ndi mayi wina woluka tsitsi. Tinkakonza masikelo a m'mabutchala, a m'zigayo ndi a ogula zitsulo zakutha. Amalumewo, mlongo wawo wa malemu mayi anga, ndiwo anandilera, ndipo ndiwo anandikhazika pa kompyuta ndisanadziwe n'komwe kuchapa bulangete.

Chimene chinkatisiyanitsa ndi okonza masikelo ena chinali pulogalamu yathu. Inkawerenga sikelo n'kuonetsa kulemera pa kompyuta ya kasitomala. Mbali yaikulu inalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, koma kachigawo kolankhula ndi sikelo kanalembedwa m'chinenero china chotchedwa C kuti kazifulumira. Python ikafuna kulemera, imaitana kachigawoko n'kukapatsa zinthu zingapo: waya uli pa khomo liti la kompyuta, liwiro lake, ndiponso kadikire nthawi yaitali bwanji. Chinthu chilichonse chiyenera kulandiridwa ndi kufufuzidwa ngati chili chamtundu woyenera. Mizere ya pulogalamu yochita zimenezi, imene timaitcha kodi, ndi yaitali, yotopetsa ngati kusankha miyala mu nyemba.

Pali pulogalamu ina yolemba kodi imeneyi yokha, yomwe anthu a ntchito yathu amangoitcha jenereta. Iwe umalemba pamwamba mizere yochepa kunena zimene ukufuna kulandira, iyo n'kulemba zazitalizo m'munsi, n'kutseka ndi chidindo cha manambala. Lamulo lake ndi limodzi: zimene yalemba usazigwire. Ukasintha ngakhale chilembo chimodzi, chidindo sichigwirizananso, ndiye imakana kugwira ntchito.

Amalume anaigwiritsa ntchito kamodzi kokha, pa chiyambi, kenako anayamba kusintha zolemba zake ndi manja. Sikelo yachikale ikavuta, ankalowa m'zolemba za jeneretazo n'kuwonjezera mizere itatu. Ina ikabwera ndi vuto lake, ankawonjezeranso. Pa mzere uliwonse ankasiya ndemanga ya Chinyanja: iyi ni ya chigayo cha ku George, iyi ni ya butchala wa ku Chawama wamene samvera. Zinkagwira, sindikukana, koma jenereta inatikaniratu.

Maso awo atayamba kufooka, ntchito yonseyo inagwera ine. Kasitomala akabwera ndi sikelo yatsopano yofuna chinthu chowonjezera, ndinkakopera mizere ya amalume pambali, kukakamiza jenereta kuti ilembe mwatsopano, kenako n'kuibwezera umodzi umodzi pamalo pake. Kontena ikatentha masana inkakhala ngati uvuni, wailesi ya woluka tsitsi ikusokosera, magetsi n'kuthima ndili pakati. Ndinkatukwana chamumtima. Pakamwa sindikanayerekeza, chifukwa amalume ankakhala pambali panga pa mpando wawo wa pulasitiki, nkhope ili pafupi ndi galasi la kompyuta, akulondola mizere yawo ndi chala.

Tsiku lina ndinayesa kuwauza. «Ba malume, ivi vinthu sitifunika kuvigwira na manja.»

«Vinakuluma?» anandifunsa, osatembenuka n'komwe. «Sikelo ikupima olo siikupima?»

Inkapima, ndipo nkhani inathera pomwepo. Munthu amene anakulipirira sukulu sumuuza kuti analemba pamalo polakwika.

Kenako ndinapeza ntchito ku Kitwe. Eni ntchitoyo anandiuza kuti malo andisungira mpaka mvula itatha. Ndinali ndisanakhalepo kwina kulikonse kupatula Matero, ndipo ndinkafuna kupita moti mtima unkandiwawa. Amalume nditawauza anati, «Yenda. Koma unisiyile vinthu vili bwino, kuti kasitomala akabwela nisachite manyazi.»

Ndinaona kuti njira ndi imeneyo. Ndikayeretsa fayilo imene munali mizere yawo ija, amalume azingowonjezera mzere umodzi pamwamba ndi zilembo zazikulu, jenereta n'kuwamalizira. Maso ofooka angathe zimenezo. Nyengo yonse ya mvula ndinkadumpha zithaphwi m'mawa, kufika ku kontena matope ali m'miyendo, n'kuyamba kusamutsa nzeru zawo. Vuto la chigayo cha ku George ndinalipezera malo ake oyenera. Butchala wa ku Chawama nayenso ndinamupezera. Palibe chimene ndinataya, ndinangochotsa m'malo oletsedwa aja. Ndinkagwira ntchitoyi pa kope lapadera la fayiloyo, iwo akapita kukaona masikelo kwa makasitomala, poti ndinkafuna kuwadabwitsa.

Nditamaliza ndinayendetsa jenereta ndipo kwa nthawi yoyamba inavomera popanda kuikakamiza. Ndinayesa masikelo onse amene anali mu shopu, onse anapima bwino. Ndinakondwa mpaka ndinagulira woluka tsitsi chakumwa, iye osadziwa kuti tikukondwerera chiyani.

M'mawa mwake amalume anakhala pa mpando wawo, natsegula fayilo monga mwa masiku onse. Chala chinatsika, chinakwera, chinatsikanso.

«Chigayo cha ku George chili kuti?»

Ndinawaonetsa fayilo ina kumene ndinachiika.

«Nanga butchala wanga?»

Ndinawaonetsanso. Ndinawafotokozera mosangalala kuti tsopano akafuna kuwonjezera chinthu angolemba pamwamba, zotsalazo makina alemba okha. Ndinawapatsa mpando wanga kuti ayese. Anaika manja pa kiyibodi, koma anangoyang'ana. Kenako, mwachizolowezi, anatsikira m'munsi m'zolemba za jenereta n'kuyamba kulemba momwemo.

«Ba malume, osati apo!» Ndinakuwa, ine, kukuwira amalume, wogulitsa makala akumva.

Anachotsa manja msanga ngati agwira mbaula. Sanakalipe. Akanakalipa, bwenzi nditapeza poyambira kukangana nawo. Anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

«Kudala nenze kuziba pamene pali chinthu chilichonse,» anatero. «Olo na maso aya, chala chenze kuziba. Manje nizagwila pati?»

Ndinayesa kuwaphunzitsa masabata otsatirawo. Ankamvetsera mwaulemu ngati mlendo, n'kugwedeza mutu, koma kasitomala akangotchula pulogalamu ankandiloza ine. «Kambani na uyu, ndiye aziba.» Mpando wawo anausunthira pakhomo, pafupi ndi masikelo, kumene kunali zomangira ndi mawaya zimene manja awo ankazidziwabe. Kale tinali awiri odziwa fayilo ija, wina movutikira, wina mokwiya. Tsopano ndinatsala ndekha, ndipo ndinadzichita ndekha zimenezi pofuna kuchoka.

Mvula inatha, matope a mu Matero anauma n'kusanduka fumbi. A ku Kitwe anaimba foni masana ena, ine ndili pa kompyuta. Amalume anamva zonse, pakuti mu kontena mulibe pobisalira.

«Ni ba ku Kitwe?» anafunsa. «Bauze kuti ubwela. Ine nizaona mochitila.»

Panthawi yomweyo pakhomo panali pataima bambo wina wa chigayo cha ku Mandevu, atanyamula sikelo yatsopano m'katoni, akudikira kuti wina amuthandize. Amalume anayang'ana katoniyo, nayang'ana kompyuta, kenako anayang'ana pansi. Ndinauza a pafoni aja kuti malowo apatse wina, ndipo ndinafunsa bamboyo kuti sikelo yake ndi ya mtundu wanji.