Thanki yachikasu ya mzere wofiira

Inu owerenga, ndimvereni. Ndapundula mlamu wanga ndi nzeru zanga zomwe, ndipo mukapanda kundithandiza ndipha munthu wina amene ngakhale dzina lake sindilidziwa.

Ndimakhala ku Chembe. Ntchito yanga ndi yomata mabwato ndi phula, koma chilimira cha munthu, ukonde waukulu uja wa asodzi, chikakodwa m'miyala pansi pa nyanja, amaitana ine kuti ndikabire n'kuchiwonjola. Loji ina itatseka, mwini wake anandisiyira mathanki awiri a mpweya, aja amabereka kumsana anthu olowa pansi pa madzi. Anali a aluminiyamu, akalekale, penti yonse yosupuka.

Alamu anga a Jafali, achimwene a mkazi wanga, ndi amene amapopera mpweya m'mathanki pa loji ina. Ataona mathankiwo anapukusa mutu.

"Alamu, awa akalamba. Akayezedwe kaye, apo ayi ine sindidzaza."

Ine ndi liuma langali ndinati vuto ndi maonekedwe basi. Kuno penti yakale ya pa mgolo timaiwaula ndi moto, imachoka yokha. Ndinatulutsa mpweya wonse, ndinasonkha moto pomwe ndimasungunulira phula, n'kugubuduza mathanki onse awiri pamakala mpaka penti inathetheka. Nditapala ndinapaka yachikasu yotsala pa bwato la munthu, n'kulemba mzere wofiira pakhosi. Anawala ngati a m'sitolo, ine n'kumadzitama. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo ine wogwira phula tsiku ndi tsiku ndinadyadi. Sindinkadziwa kuti aluminiyamu ikapsa imafooka mkati, kunja kuli bwinobwino.

Imodzi ndinasinthanitsa ndi ukonde kwa msodzi wina wa tsidya la Malindi amene anabwera kudzamatitsa bwato. Inayo ndinapita nayo kwa alamu, n'kuwanamiza kuti ndi yatsopano, wandisiyira mlendo. Anailumikiza ku makina, ine ndinatuluka kukakhala pamthunzi. Posakhalitsa ndinangomva chiphokoso, thanki yaphulika, khoma la kanyumba ka makinawo lili pansi.

A Jafali ali m'chipatala ku boma. Mwendo wamanja anaudula m'bondo, khutu limodzi silikumva. Nditapita kukawaona ndinkayembekeza kuti anditukwana, mwina mtima ukanapepukako. Koma anangondifunsa funso limodzi.

"Alamu, aja anali awiri. Inzake ili kuti?"



Chichokereni m'chipatalamo sindinakhale pansi. Ndayenda madooko a ku Malindi, ndafunsa kwa Mponda, ndaimitsa mabwato pakati pa nyanja ngati wamisala. Palibe akudziwa kumene kuli msodzi uja. Ena akuti anasamuka kutsata usipa, ena akuti anawoloka malire. Kunyumba mkazi wanga amangoika chakudya n'kutembenuka, ndipo sindimuda. Ndikamva chitseko chikumenyetseka ndimati basi, yaphulika.

Abale anga, thanki yakale musaiyandikize pamoto, musaibise ndi penti. Wodzaza mpweya akakana, mverani, chifukwa amene amaima pafupi nayo ndi iyeyo, osati inu.

Koma chachikulu ndikupempha ndi ichi, ndagwira mwendo wanu. Mukaona thanki yachikasu ya mzere wofiira pakhosi, musaidzaze, ngakhale mwini wake achonderere chotani. Muuzeni abwere nayo ku Chembe, afunse womata mabwato. Ukonde wake ndaupinda, uli pakhomo, sindinauponye m'madzi ngakhale kamodzi.