Nyama ya Ukwati mu Balani ya Fodya

Alamu anga a ku Kapichila ndi mlimi wa fodya, ndipo chipinda chilichonse cha chitseko chokhuthala amachiyesa balani. Chaka chimene ankakwatitsa mwana wawo wamkazi anapha ng'ombe, nyama n'kukaisungitsa m'chipinda chozizila cha butchala ina pa boma. Wokonza makina a chipindacho ndinali ine.

M'makina amenewa muli kavavu kamene ntchito yake ndi kumana gasi njila. Gasi amafika pakhomo pake atapanikizidwa, ali madzimadzi. Iko kamamulola pang'onopang'ono pa kabowo, ndipo akadutsa amafutukuka, kuzizila n'kuyambila pomwepo. Kavavuko kalibe maso. Kamamvela kachubu konga chala, komangililidwa pa paipi yotulukila n'kufunditsidwa bwino. Paipi ikafunda vavu imatsegula, ikazizila imatseka.

Alamu atalowa kukaona nyama yawo, maso anagwela pa kachubu kaja. Anakayesa choyezela kutentha, ndipo mu balani choyezela sachimanga pa paipi, amachipachika poyela. Anakamasula, kuwongola kawaya kake, n'kukakoleka pa msomali.

Pamsomalipo mpweya unali wofunda kuposa paipi. Kachubu kanauza vavu kuti kuno kwapsa, vavu n'kuyasamilatu. Gasi wamadzi anasefukila mpaka mu kompulesa, imene imadziwa kupopa mpweya wokha. Inagogoda mwamphamvu moti mayi wogulitsa mtedza panja anayankha kuti, "Lowani!" Ndikulumbila, ndinamumva ndekha. Kenako makina zii, ine n'kuthamangila m'chipindamo kukawafunsa alamu.

"Alamu, mwakhudza chiyani muno?"

"Palibe, alamu. Ndangokukonzelani choyezela chanu. Ndiponso anakupusitsani, chilibe manambala."

Kompulesa ina inayenela kuchokela ku Chipata, ukwati uli Loweluka, dzuwa lili la mu Okutobala. Nyama ikanawola, ndipo ng'ombe ina kunalibe. Alamu sanatekeseke. Tinainyamula kubwelela nayo kumudzi, kuicheka mizele, kuipachika mu balani n'kusonkha moto. Choyezela chenicheni chinali pamalo pake, poyela, ndipo anandionetsa kuti ndiphunzile.

Nyama inakwana aliyense. Kungoti balani ija inali itamwa fodya wa zaka zambili. Azimayi a kwaya, amene sanasutepo chibadwile, atailawa nyamayo anaimba nyimbo yolowela ndi mawu a besi. Agalu a m'mudzimo mpaka lelo amalondola munthu aliyense woyatsa ndudu. Sindinawonjezele kalikonse.

Mkamwini wa alamu amaifunsabe nyama ija m'mawa ulionse akamwa tiyi.