Wilo Lopindika la Filimu ya Ukwati

Mayi ena a ku Area 47 anabwera ku kashopu kanga ku Old Town ndi filimu ya ukwati wawo, yokhayo yomwe malemu amuna awo ankaonekamo. Wilo lachitsulo lokulungapo filimuyo linali litapindika, moti likanazungulira m'makina oonetsera filimu likanaidula.

Ndinalizunguza pa pensulo nditagwirizira choko m'mbali mwake, monga amachitira okonza njinga. Pamene choko chakhudza, ndinkawongola ndi zala pang'onopang'ono.

"Bambo, mukaidula ndiye kuti mwawapha kachiwiri," anatero mayiwo.

Ndinaika wilolo m'makina. Nditayatsa makina, wilo linakhula kamodzi, chala changa chili pa swichi. Kenako linayenda bwinobwino, ndipo pakhoma panaoneka mnyamata wovala suti akuseka. Mayiwo anakhala pansi, maso ali pa amuna awowo.